Funso limene achipatala ambiri amaopa kufunsa

Tiyerekeze kuti ndi Lolemba m'mawa pachipatala chaching'ono cha kumudzi. Mzere wa odwala wafika panja, koma amene akuwaona ndi munthu mmodzi yekha. Pakati pawo pali bambo wa zaka za m'ma 40 amene akudandaula za mutu, kusowa tulo ndi kufooka kwa thupi. Amuyeza malungo, osawapeza. Amulembera panado m'buku lake la kuchipatala, n'kuitana wina. Bamboyo watuluka osanena kuti fodya wake sadayende bwino kumsika, kuti katapira wamufika m'khosi, ndiponso kuti kwa milungu itatu tsopano wakhala akuganiza kuti banja lake lingapume iye atachoka padziko. Sadanene chifukwa palibe amene wamufunsa.

Bambo ameneyu ndi wongoyerekeza, koma zomuchitikirazo si zachilendo. M'chaka cha 2002, Jason Luoma ndi anzake ku America adasonkhanitsa zimene magulu 40 a akatswiri adapeza, ndipo adaona kuti mwa anthu 100 alionse amene adadzipha, pafupifupi 45 adaonana ndi wachipatala wamba m'mwezi womaliza wa moyo wawo. Amene adafika kwa akatswiri a matenda a maganizo m'mwezi umenewo adali pafupifupi mmodzi mwa asanu. Ziwerengerozi n'zochokera kumayiko olemera, komabe zikutiuza chinthu chimene chikutikhudza: munthu amene akulimbana ndi maganizo odzipha nthawi zambiri amadutsa m'manja mwa achipatala, ndipo amadutsa osazindikirika.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti anthu pafupifupi 727,000 adadzipha m'chaka cha 2021, ndipo 73 mwa 100 alionse adali a m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, chigawo cha Africa ndiye chili patsogolo. Kuno kwathu nkhaniyi idamveka kwambiri mu 2020, pomwe apolisi adalengeza kuti anthu odzipha kuyambira Januwale mpaka Ogasiti adachuluka ndi 57 pa 100 alionse poyerekeza ndi miyezi yomweyo chaka cha 2019, ndipo ambiri mwa iwo adali amuna. Chichokereni nthawi imeneyo, aliyense amalankhula zoti achipatala aphunzitsidwe. Chimene sichikambidwa kawirikawiri n'chakuti aphunzitsidwe chiyani kwenikweni, poti pa zaka makumi awiri zapitazi zimene akatswiri amaphunzitsa pankhaniyi zasintha kwambiri.

Kafunsidwe kake

Phunziro loyamba limalimbana ndi mantha. Anthu ambiri, ngakhale anamwino ndi madokotala, amakhulupirira kuti kutchula za kudzipha kwa munthu wosweka mtima n'kumupatsa nzeru yoipa. Akatswiri a ku King's College London adaiunika nkhaniyi mu 2014, ndipo mwa kafukufuku 13 amene adamufufuza sadapezemo ndi mmodzi yemwe woonetsa kuti kufunsa kumawonjezera maganizo odzipha. Ena mwa ofunsidwawo adapepukidwa mumtima, popeza kwa nthawi yoyamba adapeza munthu wosaopa kumva zimene akhala akusenza okha. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Pano wodya phulayo ndi wachipatala, koma wolipira mtengo wake ndi wodwala.

Komabe si kufunsa kulikonse kumene kumatulutsa choonadi. Rose McCabe ndi anzake ku Britain adajambula zokambirana za madokotala a matenda a maganizo ndi odwala awo, n'kutulutsa zotsatira mu 2017. Adapeza kuti mafunso atatu mwa anayi alionse okhudza kudzipha ankafunsidwa mokankhira wodwala kuti akane, monga kunena kuti, “Mulibe maganizo odzipweteka, eti?” Odwala ofunsidwa motere ankayankha kuti ayi kawirikawiri kuposa ofunsidwa mosakondera mbali, ndipo dokotala ankasamukira pankhani ina msangamsanga. Funso lotere limateteza wofunsa. Limamulola kulemba m'buku kuti wafunsa popanda kumva yankho limene likadamusowetsa mtendere.

M'Chichewa vutoli ndi lalikulu kuposa pamenepa, chifukwa chilankhulo chathu chimalemekeza munthu pozungulira nkhani zolemera. Timati “maganizo oipa”, timati “kuchita zinazake”, timati “kutopa nawo moyo”. Mawu otere ndi abwino poyambira, koma ndi oopsa akakhala pothera. Mayi amene wavomera kuti ali ndi maganizo oipa mwina akutanthauza zothawa pabanja, mwina zobwezera mnzake, mwinanso za imfa. N'chifukwa chake ophunzira amauzidwa kuti ayambe ndi zofewa koma afike potchula chinthucho ndi dzina lake: “Bambo, mwandiuza za ngongole ndi kusagona. Anthu ambiri akapanikizika chonchi amafika poganiza kuti bola kufa. Kodi inu maganizo amenewo amakufikirani? Nanga mudaganizapo zodzipha?” Akatero wachipatala akhale chete, adikire. Kudikira kumeneku n'kumene kumavuta ophunzira ambiri kuposa mawuwo.

Wodwala akavomera, mafunso amapita mozama. Chida chimene chimagwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri ndi Columbia Suicide Severity Rating Scale, chimene adakonza Kelly Posner ndi anzake ku Columbia University ku New York, ndipo chidamasuliridwa m'zilankhulo zoposa 100. Chachifupi chake chili ndi mafunso asanu ndi limodzi okwera ngati makwerero, kuyambira pa kulakalaka kufa, kuganiza zodzipha, kulingalira njira, kukhala ndi cholinga, kukonza dongosolo, kufikira pa zimene munthu adachitapo kale kapena wayamba kukonzekera. Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika. Munthu amene amagona akupempha kuti asadzuke, ndi wina amene wasankha tsiku n'kuyamba kugawa katundu wake, onse akufunika thandizo, koma osati lofanana. Nalo buku la WHO la mhGAP, lolembedwera achipatala amene si akatswiri a matenda a maganizo, limalangiza kuti aliyense wa zaka zoposa 10 amene ali ndi matenda a kukhumudwa, khunyu, vuto la mowa kapena mankhwala ozunguza bongo, ululu wosatha kapena kusweka mtima kwakukulu afunsidwe za maganizo odzipha m'mwezi wapitawo ndi zimene adachita m'chaka chapitacho.

Wachipatala si wolosera

Apa ndi pamene pali kusintha kwakukulu, ndipo ambiri amene adaphunzira kale angadabwe nako. Kwa nthawi yaitali cholinga cha kuunika chidali kuika wodwala m'gulu: chiopsezo chochepa, chapakati kapena chachikulu. A chiopsezo chachikulu ankagonekedwa, a chochepa ankabwerera kunyumba. Zikumveka zanzeru, koma umboni wakana.

Mu 2017, Joseph Franklin ndi anzake adaunika kafukufuku 365 wochitika pa zaka 50, ndipo adapeza kuti zizindikiro zonse zodziwika zimalosera za kudzipha moposa pang'ono chabe kungoganizira, ndiponso kuti luso lolosera silidapite patsogolo pa zaka zonsezo. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, Matthew Large wa ku Australia ndi anzake adali ataonetsa kuti pafupifupi theka la odwala amene adadzipha adali oikidwa m'gulu la chiopsezo chochepa, pomwe mwa oikidwa m'gulu la chiopsezo chachikulu, pafupifupi 95 pa 100 alionse sadadziphe. Choncho mu 2022 bungwe la NICE, limene limakonza malangizo a zachipatala ku England, lidauza achipatala kuti aleke kugwiritsa ntchito zida zounikira polosera amene adzadziphe, kapena posankha amene alandire thandizo ndi amene atulutsidwe.

Izi sizikutanthauza kuti kufunsa kulibe ntchito, kapena kuti zizindikiro n'zachabe. Munthu amene adayesapo kudzipha amakhalabe pachiopsezo choposa cha ena, chimodzimodzi woledzera, wodwala matenda osachiritsika, kapena amene wachititsidwa manyazi pagulu. Chimene chasintha ndi funso limene wachipatala amadzifunsa. M'malo moti “kodi uyu adzipha?”, limene palibe angaliyankhe, amaphunzitsidwa kufunsa kuti: chikumupweteka munthuyu n'chiyani, n'chiyani chingachitike mawa kapena mkuja chimene chingamugwetse, ali ndi chiyani pafupi chimene angadzivulaze nacho, ndipo ndani angakhale naye? Mafunso amenewa ali ndi mayankho, ndipo yankho lililonse limapatsa wachipatala chochita.

Mphindi zochepa zoopsa

Chifukwa chimene njira imeneyi imagwirira ntchito chagona pa mmene vutoli limakhalira. Ambiri timaganiza kuti wofuna kudzipha adatsimikiza kalekale ndipo sangabwezedwe. Koma madokotala a ku Innsbruck, m'dziko la Austria, atacheza ndi anthu 82 amene adapulumuka, adalengeza mu 2009 kuti pafupifupi theka adati padadutsa mphindi khumi kapena kucheperapo kuchokera pamene ganizolo lidawafikira kufika pamene adachitapo kanthu. Kale mu 1978, Richard Seiden adatsatira anthu 515 amene adaletsedwa kudzipha pamlatho wa Golden Gate ku San Francisco. Patapita zaka pafupifupi 26, anthu 94 pa 100 alionse adali moyo kapena adamwalira ndi matenda wamba. Chimphepocho chimaomba mwamphamvu, koma chimadutsa, ndipo wopulumuka tsiku limenelo nthawi zambiri amapitiriza moyo.

Ngati zili choncho, ntchito yaikulu ndi kuika mtunda pakati pa munthu ndi chinthu choopsa pa nthawi yovutayo. Ku America nkhani imeneyi imakhudza mfuti. M'mayiko a alimi imakhudza mankhwala ophera tizilombo, amene WHO ikuti amatenga pafupifupi mmodzi mwa anthu asanu alionse odzipha padziko lonse. Dziko la Sri Lanka litaletsa mankhwala oopsa kwambiri mu 1995, chiwerengero cha odzipha chidatsika ndi pafupifupi 70 pa 100 alionse pa zaka 20, ndipo akatswiri akuti miyoyo pafupifupi 93,000 idapulumuka, zokolola osatsika. Wachipatala sangasinthe malamulo a dziko ali m'chipinda chake, koma angafunse mlimi ndi mkazi wake kumene amasunga mankhwala a m'munda, n'kugwirizana nawo kuti kwa milungu ingapo akasungidwe kwa mbale wodalirika. Angapereke mapiritsi a masiku ochepa m'malo mwa a mwezi wathunthu. Zimenezi zimaoneka zazing'ono kwambiri moti ophunzira ena amazinyozera, chonsecho ndi zina mwa njira zimene zili ndi umboni wamphamvu.

Kale achipatala ankakonda kulonjezetsa wodwala, ngakhale kumusainitsa, kuti sadzipha. Lonjezo lotere limauza munthu chimene sayenera kuchita, osamuuza chochita usiku ukafika pakati maganizo atamuchuluka. Kafukufuku wa Craig Bryan pakati pa asilikali 97 a ku America, wotuluka mu 2017, adapeza kuti amene adakonza dongosolo lodzitetezera adayesa kudzipha mocheperapo ndi 76 pa 100 alionse poyerekeza ndi amene adangolonjeza.

Dongosolo limene likuphunzitsidwa kwambiri lero ndi limene adakonza Barbara Stanley ndi Gregory Brown. Wodwala ndi wachipatala amalilemba limodzi, m'mawu a wodwalayo. Limayamba ndi zizindikiro zimene mwiniwake amadziwa kuti zikaoneka ndiye kuti zinthu zayamba kuipa, kaya ndi kudzitsekera m'nyumba, kaya ndi kuyambiranso kachasu. Kenako limatchula zimene angachite payekha kuti mtima utsike, malo ndi anthu amene angamuiwalitse mavuto ngakhale osawauza kanthu, monga pabwalo la bawo kapena kukwaya, abale amene angawauze zoona, achipatala amene angawafikire, ndipo pomaliza mmene angachotsere zinthu zoopsa pakhomo. Poyesedwa pa odwala 1,640 m'zipatala za asilikali opuma ku America, dongosololi pamodzi ndi kuimbira foni odwala lidachepetsa mchitidwe wofuna kudzipha ndi 45 pa 100 alionse pa miyezi isanu ndi umodzi, malinga ndi zotsatira za mu 2018.

Tisabise, pali zovuta ziwiri pobweretsa zimenezi kwathu. Kulemba dongosololi bwinobwino kumatenga mphindi 20 kapena kuposerapo, nthawi imene wachipatala wa mzere wautali uja alibe. Komanso si wodwala aliyense amene amawerenga. Mophunzitsa mwanzeru, mayankho alipo: ntchitoyi ingagawidwe kwa namwino kapena wopereka uphungu amene ali kale pachipatalapo, ndipo wosawerenga angaloweze mfundo zake pamodzi ndi womudikirira amene wamusankha yekha. Mawu oti “wamusankha yekha” ndi ofunika. Nthawi zina mbale amene waperekeza wodwala ndiye gwero la vutolo, makamaka pamene pali nkhanza za m'banja, ndipo wachipatala amene wafunsa mafunso onsewa mwamuna kapena apongozi ali pomwepo asadabwe akamva kuti zonse zili bwino.

Akatuluka pakhomo la chipatala

Gawo limene limaiwalika kwambiri ndi la pambuyo. Banja limapuma wodwala akatulutsidwa, poganiza kuti zoopsa zatha. Koma kuunika kwa Daniel Chung ndi anzake mu 2017 kudaonetsa kuti miyezi itatu yoyamba munthu atatuluka m'chipatala cha matenda a maganizo ndiyo yoopsa koposa, moti chiwerengero cha odzipha pa nthawiyi chimaposa cha anthu wamba padziko pafupifupi ka 100. Munthu amabwerera ku ngongole yomwe ija, kubanja lomwe lija, atawonjezerapo manyazi oti mudzi wonse wamva.

Mankhwala a vuto limeneli ndi otsika mtengo modabwitsa. Dokotala wina wa ku San Francisco, Jerome Motto, adatenga odwala 843 amene adakana kupitiriza thandizo atatuluka m'chipatala. Theka la iwo ankawatumizira timakalata tachidule tongowafunira zabwino ndi kuwauza kuti akhoza kuyankha ngati akufuna, makalata 24 pa zaka zisanu. M'zaka ziwiri zoyambirira, odzipha adali ochepa pakati pa olandira makalatawo. WHO idayesa njira yofanana ndi imeneyi ku Brazil, India, Sri Lanka, Iran ndi China pa anthu 1,867 amene adayesapo kudzipha. Ena adalandira uphungu wa ola limodzi kenako n'kumaimbiridwa foni kapena kuyenderedwa kwa miyezi 18. Mwa iwo, awiri pa 1,000 alionse ndiwo adadzipha, pomwe mwa olandira thandizo la masiku onse adali 22 pa 1,000 alionse. Dziko limene lili ndi alangizi a zaumoyo m'midzi, ndi foni m'manja mwa anthu ambiri, silingati njira imeneyi ndi ya olemera okha.

Kuphunzitsa kwenikweni

Zonsezi munthu angaziwerenge tsiku limodzi. Kuzichita ndi nkhani ina. Tonse tikuwadziwa maphunziro a masiku atatu a kuhotela, kumene anthu amaonera zithunzi pakhoma, kulandira alawansi ndi satifiketi, n'kubwerera kuntchito ali chimodzimodzi. Kufunsa za kudzipha ndi luso la pakamwa ndi pankhope, ndipo limaphunziridwa monga kubaya jakisoni: poyeserera, wina akuonerera ndi kukonza. M'maphunziro abwino wophunzira amakhala moyang'anizana ndi mnzake amene akusewera ngati wodwala, amatchula mawu oti “kudzipha” mokweza kambirimbiri kufikira lilime litazolowera, ndipo amauzidwa pamene wathamangira kulangiza, kulalikira kapena kudzudzula. Kuuza munthu kuti “ganizirani ana anu” kumaoneka kwachifundo, koma kwa amene akukhulupirira kale kuti ndi mtolo kwa ana akewo, mawuwo amangotseka pakamwa.

Luso limazilala likapanda kugwiritsidwa ntchito, choncho maphunziro a kamodzi sakwanira. Boma la Washington ku America lidazindikira zimenezi mu 2012 pokhazikitsa lamulo lotchedwa dzina la Matt Adler, loya amene adadzipha chaka cha 2011 ali m'manja mwa achipatala. Lamuloli, loyamba la mtundu wake m'dzikolo, limafuna kuti ogwira ntchito za matenda a maganizo aziphunzira za kuunika ndi kuthandiza ofuna kudzipha kwa maola asanu ndi limodzi pa zaka zisanu ndi chimodzi zilizonse. Kuti lamulo lotere lidafunika m'dziko la akatswiri ochuluka chotere n'chizindikiro chakuti digiri payokha sitsimikizira luso limeneli.

Kwathu kuno madokotala akuluakulu a matenda a maganizo akhala owerengeka ndi zala kwa zaka zambiri, m'dziko la anthu oposa 20 miliyoni. Chipatala cha Zomba Mental, zipatala za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndi sukulu ya ukachenjede ya KUHeS zimasula akatswiri, koma bambo wa mutu uja sadzafika kwa iwo pokhapokha woyamba kumuona atafunsa. Motero maphunzirowa ayenera kufika kwa anamwino, azamba amene amaona amayi ongobereka kumene, ogwira ntchito kumalo olandirira ma ARV ndi a kuchipinda cha ngozi, ndipo akatswiri ochepawo akhale owayendera ndi kuwayankha pafoni akakumana ndi nkhani yovuta. Ku Zimbabwe, Dixon Chibanda adayambitsa ntchito ya Friendship Bench wodwala wake wina atadzipha chifukwa banja lidasowa ndalama ya basi yopitira ku Harare. Iye adaphunzitsa agogo a m'madera kupereka uphungu pabenchi, ndi kutumiza kwa achipatala aliyense woonetsa zizindikiro zoopsa.

Pali china chimene mphunzitsi wa kuno sangachilambalale. Kwa zaka zambiri gawo 229 la malamulo a milandu a dziko lino lidakhala likutenga kuyesa kudzipha ngati mlandu, ndipo tawerengapo za anthu otengeredwa kukhoti atangochira. Ghana idachotsa lamulo lotere mu 2023. Kuwonjezera pa mantha a apolisi, pali mantha a mpingo ndi a mudzi, ndiponso chiphunzitso choti mwamuna salira. Wodwala amalowa m'chipinda atasenza zonsezi, ndipo asanayankhe amayamba wayeza nkhope ya womufunsa. Wachipatala ayenera kumuuza poyera kuti zokambiranazo ndi zachinsinsi, ndi kumufotokozera moona kuti ngati moyo wake uli pangozi yeniyeni padzafunika kuuza munthu wina, amene adzasankhidwe mogwirizana.

Nawo achipatala ndi anthu. Amene wagwira ntchitoyi nthawi yaitali akhoza kutaya wodwala ngakhale atachita zonse moyenera, ndipo ambiri amanyamula chisoni ndi kudziimba mlandu mwakachetechete. Wachipatala amene wakalipiridwa pamaso pa anzake imfa yotere itachitika amaphunzira chinthu chimodzi: kusafunsanso. Maphunziro abwino amakonzekeretsa ophunzira za tsiku limenelo, ndipo amaphunzitsa oyang'anira kuunika imfayo pofuna kupeza pamene dongosolo lidaphonya, monga foni imene sidaimbidwe kapena kalata yotumizira wodwala imene sidafike.

Ngati inu kapena wina amene mukumudziwa akulimbana ndi maganizo odzipha, pitani kuchipatala chimene muli nacho pafupi ndipo mukanene mosabisa, ngakhale asanakufunseni. Zipatala za m'maboma zili ndi ogwira ntchito za matenda a maganizo. Pamene mukukonza ulendowo, munthuyo asakhale yekha, ndipo mankhwala ndi zinthu zina zoopsa zichotsedwe pafupi naye.